Waya wa Pachigafa

Dzuwa litangopendeka, onse anayi anali pamthunzi wa chigafa kuseri kwa nyumba. Fodya anali akadali ku nazale, ndiye m'chigafamo munalibe kanthu, fungo la chaka chatha lokha. A Lefina ankaswa mtedza wa mbewu m'lichero limodzi ndi mtengwa wawo Feggie, mkazi wa Raymond amene ankagwira ntchito ku Lilongwe. Nthanda, mwana wawo wamkazi, ankasankha mikangala yopachikira fodya, yofumbwa uku, yolimba uku. A Lemani okha ndiwo analibe kanthu m'manja. Anali atakokera mpando wawo pafupi ndi zenera la pabalaza, khutu atalitchera m'nyumba.

M'nyumbamo wailesi inkalira, koma sinkayimba kapena kuyankhula. Inkangoti shiii, kenaka the! Pakapita kanthawi, the-the!

"Mwamva?" anatero a Lemani.

"Tamva, bambo a Raymond," a Lefina anayankha osatukula mutu. "Nkhani zokoma kwambiri. Auzeni awerengenso kachiwiri."

Feggie anabisa pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Wailesiyo inali yaikulu, yakuda, ya masipika awiri, yoyendera batire la galimoto. Eliyo yake inathyoka kalekale, kunangotsala kachitsa konga chala chaching'ono. Pakachitsapo a Lemani anakulungapo waya n'kumangirira ndi mphira wa chubu cha njinga. Wayayo ankatulukira pazenera, n'kukwera mpaka pansonga ya nsungwi yaitali imene anaimanga pamutu pa chigafa. Ndi wayayo wailesi inkamveka ngati woulutsa wakhala pamphasa pompo.

Koma a Lemani anaipezeranso ntchito ina. Chaka china anatembenuzira mwangozi kumbali kumene kulibe mawu a munthu, ndipo anaona kuti kuthetheka kuja kumayenda ndi mitambo. Ikamathetheka apo ndi apo, mvula ili kwa eni ake. Ikayamba kulira ngati mbuliwuli m'phale, mvula ikubwera kwanu. M'kalabu yawo ya alimi munali mabanja asanu ndi atatu amene ankathandizana kuwokera fodya, ndipo lamulo lake linali lakuti woyamba kupempha ndiye amapatsidwa m'mawa woyamba mvula ikagwa. Zaka zitatu zotsatizana a Lemani anapempha poyamba, osaphonya. Ena anayamba kunong'onezana kuti mkulu wa mpingoyu ali ndi kanyanga ka mvula.

"Abambo, batire," anatero Nthanda.

"Izi sizidya batire. Kodi ukumva gitala m'menemu?"

"Mawa ndi mawa lomweli, abambo."

"Ndikudziwa, mwana wanga."

Onse ankadziwa. Mawa lake, leveni koloko, pa wailesi ankayenera kuwerenga maina a osankhidwa kupita kusukulu ya uphunzitsi. Nthanda anali atayesa kachiwiri. Chaka chatha tsiku la maina linamupeza ku Santhe, kwa Lucious wometa tsitsi, kumene anapita kukatenga batire lomwe linali pa tchaji. Maina anayamba kuwerengedwa ali pomwepo, pakati pa anthu odikira kumetedwa. Lucious anazimitsa makina ometera, munthu wina ali ndi tsitsi mbali imodzi, kuti onse amve bwino. Kasungu anayamba, Kasungu anatha, dzina lake losamveka. Mapepani anamutsatira mpaka kumsika, kumene mayi wogulitsa tomato anamuwonjezera awiri, maso ali ndi chisoni ngati pamaliro. Chaka chino Nthanda analumbira kuti kaya dzina lituluke kaya lisatuluke, akamvera m'nyumba mwawo, chitseko chili chotseka. Batire anakalitchajitsa masiku atatu apitawo, ndipo makaseti a kwaya a mayi ake anawabisa m'thumba la feteleza wa makuponi lomwe linatha chaka chatha.

Wailesi inati the-the-the, n'kupuma, n'kuyambiranso.

Nthanda anasiya mikangala. Chakutali, cha ku Bua, mitambo inali itaunjikana, pamwamba poyera ngati thonje, pansi pakuda. M'kati mwake munati ng'ani. Nthawi yomweyo wailesi inati the! Anadikira bingu. Anawerenga chamumtima mpaka anasokoneza, ndipo pamapeto pake kunangomveka kung'ung'udza kwapansipansi ngati ngolo ikudutsa kutsidya kwa dambo.

Anayang'ananso. Ng'ani. The! Bingu m'mbuyo ndithu.

"Abambo, inu mumati wailesiyi imamva mabingu?"

"Eya. Ili ndi makutu akuthwa kuposa athu."

"Nanga bwanji ikulira bingu lisanalire? Taonani uko. Ikulira pamodzi ndi kuwala."

A Lemani anatembenuza mpando. Zaka zonsezi ankamvetsera maso ali pansi. Anadikira, ndipo kutang'anima kachitatu anagwira chibwano.

"Ee, zoona. Ndiye kuti imaona?"

"Yayamba kuona tsopano," anatero a Lefina. "Mawa mudzatiuza kuti ikununkhiza ndiwo."

"Amayi, musaseke. Ngati si phokoso limene ikumva, ndiye kuti ndi mphenzi yeniyeniyo. Ikulowera pati?"

Onse anayang'ana waya uja, kuyambira pazenera mpaka pansonga ya nsungwi, pamene kampheta kanali katatera.

Posakhalitsa kuthetheka kunachulukana mpaka kunalibenso mpata pakati. A Lemani anadzuka msangamsanga, n'kulowa m'nyumba, n'kuzimitsa wailesi. Anatuluka akupinda miyendo ya thalauza.

"Mbuliwuli zapsa. Ndikukapempha anthu kukalabu, anzathu a Tsoka asanandipitirire."

"Abambo, timasule wayayo."

"Ayi, ayi. Ndazimitsa. Chozimitsa n'chozimitsa."

"Lucious nayenso anali atazimitsa. Chimkuzamawu chake chinapsa chili chozima, chifukwa pulagi inali kukhoma. Anandiuza yekha. Akuti mvula ili m'kati magetsi anabwera ngati ng'ombe yolusa."

"Amenewo ndi magetsi a m'mapolo. Ife kuno tili ndi mapolo? Mvera, Nthanda. Wayayo ndinatha tsiku lathunthu kuti agwire pamene agwirapo. Kachitsako n'kofooka. Ukamasula, mawa udzamva mphepo yokhayokha, ndiye udzandiuza kuti tipite kwa Lucious yemweyo."

Anakwera njinga n'kulowera kanjira ka pakati pa mizere, malaya akukupiza kumsana.

Mphepo inayamba, youma, yotentha, yonyamula fumbi ndi makoko a mtedza. Akazi atatuwo anatuta zonse n'kulowa m'nyumba. A Lefina anayamba ntchito yawo ya nthawi ya mabingu, imene anaiphunzira kwawo ku Kaomba ali mtsikana. Anatembenuza kalilole kuti ayang'ane kukhoma. Anavundikira mabeseni a malata. Anauza Feggie kuti avule duku lofiira. Pomaliza anatenga nsalu ya Mvano yakale n'kufunditsa wailesi bwinobwino, ngati mwana wodwala malungo.

"Basi," anatero. "Isaone chonyezimira."

"Amayi, wayayo ali panja. Akuoneka."

"Wayayo ndi wakuda."

"Alamu," anatero Feggie, "inu mukadzakhala aphunzitsi ana a eni adzavutika. Mafunso onsewa mumawasunga kuti?"

"Inu alamu khalani chete, mutu uli pamtunda ngati nyemba yosenda."

"Iii, amayi, mwamva? Mwandivula nokha duku, awa akundinyozanso."

Nthanda anaseka, koma maso sanachoke pawaya. Anakhala pampando n'kumaganiza. Akamasula, kachitsa kakhoza kuthyoka, ndipo mawa sadzamva kanthu. Akasiya, mwina palibe chichitike. Zaka zitatu wayayo anakhala pomwepo mvula ikugwa, wailesi osapsa. Koma zaka zitatuzo nsungwi inali yaifupi. Yaitaliyi bambo ake anaimanga mwezi wa Ogasiti, atadula mtengo wa bulugama umene unali kuseri kwa chigafa kuti apeze mapaso. Tsopano pakhomo ponse panalibe chinthu chachitali kuposa nsungwiyo.

Anadzuka kuti akatseke zenera. Apo ndi pamene anamva kaphokoso kakang'ono, ti! Anaima. Wailesi inali yozima, yofundanso. Ti! Anawerama n'kuona kuti pamene waya ankadutsa pafupi ndi chitsulo cha zenera, chikopa chake chinali chitanyuka. Mphepo ikamugwedeza, pakati pa waya ndi chitsulo pankadumpha kamoto kobiriwira, kochepa ngati njere ya fodya.

"Amayi, alamu, tabwerani. Musagwire. Ingoyang'anani."

Anaunjikana mitu itatu pazenerapo. Ti!

"Mayo ine," ananong'ona a Lefina. "Yafika kale?"

"Yeniyeniyo ikadali kutali. Mabingu akuchedwabe. Awa ndi ana ake."

"Nanga akudziwa bwanji kuti muno muli wailesi, poti ndafunditsa?"

"Sakusowa kuona, amayi. Abambo anawalambulira msewu."

Nthanda anafundukula nsalu. Anachotsa kaye mawaya awiri a batire, n'kukankhira batirelo pansi pa tebulo. Kenaka anakulunga dzanja m'chiguduli chouma n'kuyamba kumasula mphira uja. Mphirayo anali atamatirira ndi kutentha kwa zaka. Anakanda ndi chikhadabo, anapotoza pang'onopang'ono, Feggie atagwira wailesi kuti isasunthe. Mphira anagonja, waya anamasuka, koma kachitsa kanabwera nawo limodzi. Kanagwera pasimenti n'kugubudukira kukhoma. Pamene kanali panangotsala kabowo, ndipo m'kati mwake munkaoneka kamutu ka sikulu.

Onse anayang'ana kabowoko.

"Abambo ananena," anatero Feggie motsitsa, nthabwala zitamuthera.

Nthanda anatola kachitsako n'kukaika m'kapu ya pashelefu. Kenaka anakankhira waya panja n'kutseka zenera. Koma wayayo anayamba kukwapula khoma ndi mphepo, nsonga yake ikukafika mpaka paudzu wa khitchini.

"Atiotchera khitchini ameneyo," anatero a Lefina. Iwo anali atanyamula kale nkhwangwa, chifukwa pa ntchito yawo ija chomaliza chinali chimenechi: kukakhoma nkhwangwa pakati pa bwalo kuti mphenzi ikabwera ipeze mnzake wachitsulo, isiye anthu. Anatuluka, n'kuikhoma pansi ndi mphamvu, mpini uli m'mwamba.

Nthanda anawatsatira. Anakola waya ndi mkangala wouma, n'kuukokera kutali ndi khitchini. Anayang'ana uku ndi uku kusowa pomangirira. Pabwalo ponse panali posesa, popanda ngakhale chitsa. Ndiye ndi mkangala womwewo anazunguliza wayayo kumutu wa nkhwangwa kawiri, katatu, n'kupsinjapo njerwa.

"Iwe, nkhwangwa yangayo ili pa ntchito!"

"Ndaiwonjezera ina, amayi. Thamangani."

Madontho oyamba anawapeza pakhonde, akuluakulu, otukula fumbi. Fungo la dothi linalowa nawo m'nyumba. Kenaka mvula inakhuthuka pamalata moti munthu sankamva mawu a mnzake. Anakhala pamphasa pakati pa balaza, kutali ndi makoma, a Lefina akuyimba nyimbo ya m'buku imene inkaoneka pamilomo pokha. Nthanda ankawerenga. Kuwala, n'kufika khumi, bingu. Kuwala, n'kufika zisanu ndi chimodzi. Kuwala, zitatu.

Kenaka panalibe chowerenga. M'nyumba monse munayera mbee, ndipo nthawi yomweyo kunaphulika ngati denga lang'ambika pakati. Makapu analira pashelefu. Feggie anapezeka atakumbatira apongozi ake m'chiuno, nkhope ataibisa pamsana pawo. M'makutu munkangolira ngati muli nyenje, ndipo m'nyumba munalowa kafungo kachilendo ngati ka machesi oyaka kumene.

"Muli moyo nonse?" anafunsa a Lefina.

"Ine sindikudziwa," anatero Feggie.

Mvula inagwabe kwa ola lathunthu, mabingu akunka nalowera cha ku Mwase. Itakata, dzuwa linatulukira pansi pa mitambo, lofiirira, ndipo mizere yonse inali itadzaza madzi. A Lemani anafika akukankha njinga, matayala atatupa ndi matope. Anali atabisala kwa a Tsoka, ndipo anthu anali atawalonjeza m'mawa woyamba. Anafika akumwetulira, koma ataona chigafa anaima.

Nsungwi inali itang'ambika kuyambira kunsonga mpaka pakati, ngati munthu amafuna kulukira dengu. Udzu wa pamutu pa chigafa unali utada malo aakulu ngati lichero, koma mvula inazimitsa. Waya kunalibe. Anafunafuna pabwalo n'kungotola tizidutswa, tina tili ndi timibulu kunsonga ngati mikanda. Panatsala chidutswa chimodzi chokha chachitali ngati mkono, chozungulira kumutu wa nkhwangwa, ndipo njerwa ija inali itasweka pawiri.

"Anamasula ndani?"

"Ine, abambo."

A Lemani anatembenuza kachidutswa m'manja kwa nthawi yaitali.

"Nkhwangwa yanga yagwira," anatero a Lefina. "Zaka zonsezi mumandiseka."

"Kapena, mayi a Raymond, ndi nkhwangwayo yaiitana. Chitsulo pansi, waya m'mwamba. Zaka zitatu sinabwerepo."

"Ikanapanda kupeza nkhwangwa ikanapita kuti? Wayayo mathero ake anali patebulo panga."

"Nthanda, iwe ukuti bwanji?"

"Sindikudziwa, abambo. Mwina ikanabwerabe, mwina ayi. Ndikungodziwa kuti inayenda m'wayamo."

Analowa m'nyumba. Nthanda analumikiza batire. A Lemani anayatsa. Kanyali kofiira kanayaka, masipika anati shiii. Wailesi inali yamoyo. Koma anazunguliza kuyambira uku mpaka uko osapeza mawu a munthu. Apo Nthanda anawaonetsa kachitsa m'kapu muja. A Lemani anayesa kukabwezera, kanagwa. Anayesa kulowetsa waya woyanikira zovala m'kabowomo, koma anali wonenepa. Sanamukalipire. Anangoti, "Tidzapita nayo kwa okonza tikatha kuwokera," ndipo Nthanda anadziwa kuti kumeneko ndi Loweruka.

"Kwa a Tsoka iliko yaing'ono," anatero Feggie. "Ndikhoza kukakumverani ine."

"Pamodzi ndi ana awo asanu ndi awiri? Ayi, alamu. Zikomo."

M'mawa kusanache bwino anthu a kalabu anafika ndi mabeseni. Ena anapita ku nazale kukazula mbande, ena anatsala m'munda. Ntchito inayenda monga mwa nthawi zonse: wina patsogolo akuboola maenje ndi ndodo, wina akuponya mbande pa dzenje lililonse, ena m'mbuyo akuwokera n'kutsendera dothi ndi zala. Nthanda anali woponya. Sankayang'ana munthu kumaso, ndipo palibe amene anatchula za maina, ngakhale ankadziwa kuti ena akukumbukira.

Dzuwa litakwera, a Lefina anaweramuka n'kunena mokweza kuti onse amve, "Nthanda, pita ukaone nyemba zija pamoto. Usathamangire kubwera, n'zouma kwambiri."

Kunyumba nyemba zinali bwinobwino. Nthanda anatseka chitseko n'kukhala pamaso pa wailesi. Anayatsa, n'kuika muvi pamene pankakhala siteshoni. Shiii. Anatenga kachidutswa ka waya wopsa uja, n'kukapala ndi mpeni, n'kuyesa kukalowetsa m'kabowo. Kankangogwa. Anakagwira n'kukakanikiza ndi chala, ndipo mwadzidzidzi m'nyumba munalowa mawu a mwamuna, omveka ngati ali pakhomo. Anadzidzimuka n'kuchotsa dzanja. Shiii. Anabwezera chala chokha, popanda waya, n'kukanikiza mpaka nsonga yake inakhudza kamutu ka sikulu. Mawu anabweranso. Anachotsa, anathawa. Anabwezera, anabwera. Anayesa atakhala pansi, mawu anachepa. Ataimirira n'kutukula dzanja linalo, anamveka bwino koposa.

Ndiye anaima choncho, chala chimodzi m'kabowo, dzanja lina m'mwamba ngati mwana wodziwa yankho m'kalasi.

Anayambira ku Chitipa. Karonga. Rumphi. Mzimba yekha anatenga nthawi yoti munthu n'kupita kuchitsime n'kubwerako. Phewa linayamba kuwawa, ntchentche inatera pamphuno, iye osaithamangitsa. Kenaka woulutsa anakhosomola pang'ono n'kunena kuti boma la Kasungu. A Banda anayamba. A Banda a ku Kasungu sakutha msanga, ndipo Nthanda anamva nyemba zikuyamba kununkha kukhitchini. Anadutsa a Chirwa, a Gondwe, a Kamanga, a Kaunda.

"Lemani Nthanda."

Sanachotse chala. Anadikira maina ena atatu, anayi, kuti atsimikize kuti mawuwo analidi a wailesi. Kenaka anatsitsa dzanja lija pang'onopang'ono, litachita dzanzi mpaka m'khosi. Anazimitsa, n'kukathira madzi m'nyemba, zimene zinali zitangoyamba kugwira pansi.

Kumunda anapeza atafika pakati. Mayi ake anamuona akadali kutali ndipo anaima, mbande ili m'manja.

"Nyemba zapsa?"

"Zatsala pang'ono. Amayi, anditchula."

A Lefina anaika dzanja lamatope pakamwa n'kuyimba nthungululu imene inadzutsa mitu m'munda monse. Feggie anataya beseni n'kuyamba kuvina pakati pa mizere, akukuwa kuti ana a eni atha. A Lemani anabwera kuchokera kumapeto, akudumpha mizere mosamala kuti asaponde mbande. Anafika n'kumuyang'ana mwana wawo, maso atanyowa.

"Ndiye... yayankhula bwanji?"

Nthanda anawaonetsa chala. Kunsonga kwake kunali kachizindikiro kozungulira, kofiira, kokhala ndi mzere pakati. A Lemani anachigwira n'kuchitembenuza uku ndi uku.

"Chala chokha?"

"Ndi dzanja linali m'mwamba."

"Madzulo udzandionetse," anatero. Anatola beseni limene Feggie anataya, n'kubwezeramo mbande zimene zinamwazika, n'kumupatsa. "Dothi likuuma. Yambira mzere uwo."